Ndalama za pa cloud: Mita yomwe siima yokha

M'madera ngati Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona mumzinda wa Lilongwe, ndi ochepa omwe sadziwa kuwerengera mayunitsi a magetsi. Munthu amagula mayunitsi a ESCOM kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, n'kulowetsa manambala 20 aja pa mita, ndipo amadziwiratu kuti akasiya hotipuleti ili chiyakire, mayunitsiwo safika kumapeto a mwezi. N'chimodzimodzinso bandulo ya intaneti pa foni komanso madzi a pa kiyosiki omwe amagulitsidwa pa ndowa: yemwe watunga ambiri ndiye amalipira zambiri.

Masiku ano pabwera mita inanso yomwe eni mabizinesi ang'onoang'ono, sukulu zoima pazokha, mipingo, mabungwe komanso achinyamata opanga mapulogalamu a pa kompyuta ayenera kuidziwa. Mitayi ili m'makina omwe amasunga masamba awo a pa intaneti, omwe akatswiri amawatchula kuti cloud. Siioneka ndi maso, imayenda usana ndi usiku, ndipo nthawi zambiri imawerengera m'madola a ku America. Nkhani ino ikufotokoza momwe mitayi imagwirira ntchito, zomwe imawerenga ndi momwe mwini bizinesi angailondolere bilu isanamudzidzimutse.

Kodi cloud n'chiyani?

Tsamba lililonse la pa intaneti limakhala pa kompyuta inayake yomwe siizimitsidwa. Kompyuta yotere imatchedwa seva. Kale, kampani yofuna tsamba lake idayenera kugula seva yakeyake, kuipezera chipinda chozizira, magetsi osathimathima komanso munthu woisamala. Cloud ndi njira yobwereka seva kwa makampani omwe ali ndi nyumba zikuluzikulu zodzadza makompyuta. Wobwereka saiona sevayo, koma amailamula pa intaneti ali ku Area 25 kapena kwina kulikonse.

Kampani ya Amazon ndiyo idatchukitsa malondawa kudzera m'nthambi yake ya Amazon Web Services, yomwe mwachidule amati AWS. Mu March 2006 idayamba kubwereketsa malo osungira zinthu otchedwa S3, ndipo mu August chaka chomwecho idayamba kubwereketsa maseva otchedwa EC2. Gawo lalikulu la ntchito yokonza EC2 lidachitikira mumzinda wa Cape Town ku South Africa. Pambuyo pake Microsoft idabwera ndi Azure ndipo Google idabwera ndi Google Cloud.

Makampani atatuwa tsopano ali ndi nyumba za maseva ku South Africa. Microsoft idatsegula zake ku Johannesburg ndi Cape Town mu March 2019, AWS idatsegula ku Cape Town mu April 2020, pomwe Google Cloud idatsegula ku Johannesburg mu January 2024. Kuno kwathu, boma lidatsegula malo ake osungira zinthu za pa kompyuta mumzinda wa Blantyre mu July 2022, ndipo palinso makampani a m'dziko muno omwe amasunga masamba a anthu n'kulandira malipiro mu kwacha.

Kusiyana kwake ndi mita ya magetsi

Ngakhale cloud ikufanana ndi magetsi pa mfundo yolipira malinga ndi zomwe wagwiritsa ntchito, pali kusiyana kumodzi komwe kumagwetsa ambiri m'mavuto. Mita ya ESCOM ndi yolipiriratu. Mayunitsi akatha, magetsi amathima okha, ndipo palibe ngongole yomwe imabadwa. Makampani akuluakulu a cloud amachita mosiyana: munthu amayamba wagwiritsa ntchito, bilu n'kubwera mwezi ukatha, ndipo ndalama zimadulidwa pa kadi ya kubanki yomwe adalembetsa potsegula akaunti.

Motero cloud ikufanana kwambiri ndi mpopi wa madzi wolipira pakutha pa mwezi. Paipi ikabooka pansi pa nthaka kuseri kwa nyumba, mita ya Lilongwe Water Board imapitirira kuzungulira ngakhale pakhomopo pasakhale wotunga, ndipo mwini nyumba amadziwira pa bilu. Pa cloud, paipi yobooka ndi seva yomwe idaiwalika ili chiyakire, kapena malo osungira zinthu omwe palibe akuwagwiritsanso ntchito. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake nzeru yagona pa kuyang'ana mita mwezi usanathe.

Zinthu zomwe mita imawerenga

Bilu ya cloud imakhala ndi mizere yambiri yolembedwa m'Chingerezi chaukatswiri, koma yambiri mwa mizereyo imagwa m'magulu asanu.

Gulu loyamba ndi nthawi yomwe seva yakhala ikuyaka. Mtengo umalembedwa pa ola, ndipo umakwera malinga ndi mphamvu za seva. Kuyambira mu October 2017, AWS imawerengera maseva ake ambiri pa sekondi iliyonse. Powerengera mwezi, makampaniwa amatenga maola 730. Chofunika kudziwa n'chakuti seva imalipiridwa chifukwa choyaka, kaya tsambalo laonedwa ndi anthu chikwi kaya ndi munthu mmodzi yekha.

Gulu lachiwiri ndi malo osungira zinthu monga zithunzi, makanema, mayina a makasitomala kapena zotsatira za mayeso a ophunzira. Amayezedwa m'ma GB, muyeso womwewo wa bandulo ya pa foni, ndipo amalipiridwa mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lomwe zinthuzo zafufutidwa. Makope osungira pangozi nawonso amatenga malo ndipo amalipiridwa.

Gulu lachitatu ndi zinthu zotuluka. Kulowetsa zinthu mu cloud kawirikawiri kumakhala kwaulere, koma munthu aliyense akatsegula tsamba lanu kapena kuonera kanema wanu, ma GB amatuluka ndipo amawerengedwa. AWS imapereka ma GB 100 oyamba pa mwezi kwaulere, otsatirawo n'kulipiritsa. Mtengo wake umasiyana malinga ndi dera lomwe seva ili, ndipo ku Cape Town ndi wokwera poyerekeza ndi ku America.

Gulu lachinayi ndi chiwerengero cha ntchito zomwe makina agwira. Pali ntchito zina zomwe sizilipiridwa pa ola, koma pa ulendo uliwonse: uthenga uliwonse wa pa foni womwe watumizidwa, kalata iliyonse ya imelo, kapena nthawi iliyonse yomwe pulogalamu yafunsa zinthu m'nkhokwe. Mtengo wa ulendo umodzi umaoneka wochepa zedi, koma pulogalamu yolembedwa molakwika ingathe kubwereza ntchito imodzi kambirimbiri usiku umodzi.

Gulu lachisanu ndi tinthu ting'onoting'ono toonjezera. Chitsanzo chodziwika ndi nambala yomwe seva imadziwika nayo pa intaneti, yotchedwa IPv4. Kuyambira pa 1 February 2024, AWS idayamba kulipiritsa theka la senti imodzi pa ola pa nambala iliyonse yotere, zomwe pa maola 730 zimakwana madola 3.65. Dzina la tsamba, monga lothera ndi .mw, limalipiridwa palokha chaka ndi chaka ndipo silikhala pa bilu imeneyi.

Chitsanzo cha kawerengedwe

Tiyerekeze kuti sukulu ina yoima payokha ku Area 25 ili ndi tsamba lomwe makolo amaonerapo zotsatira za ana awo. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake.

Seva yaing'ono ya masenti awiri pa ola, ikayaka maola 730, imadya madola 14.60. Malo osungira zinthu a ma GB 30 pa masenti 10 GB iliyonse ndi madola atatu. Nambala ya IPv4 ndi madola 3.65. Zonse pamodzi ndi madola 21.25 pa mwezi. Dola ikakhala pa K1 700, ndalamazi ndi K36 125.

Tsopano tinene kuti sukuluyo yaika pa tsamba lomwelo kanema wa mwambo wotsanzikana ndi ophunzira a Fomu 4, ndipo makolo agawana keyala yake m'magulu a WhatsApp. Mweziwo patuluka ma GB 300. Kuchotsapo 100 aulere, patsala 200. Pa masenti 9 GB iliyonse, awa ndi madola 18 oonjezera. Bilu yakwera kufika pa madola 39.25, omwe ndi K66 725. Palibe chomwe chaonongeka, palibenso yemwe waba, koma bilu yatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Kanema yemweyo akadaikidwa pa YouTube kapena Facebook, tsamba la sukulu n'kungolozera kumeneko, ndalama zoonjezerazi sizikadatuluka.

Dola ndi kwacha

Kwa Mmalawi, mita ya cloud ili ndi mbali yachiwiri yomwe mnzake wa ku America saiganizira: mtengo wa dola. Bizinesi ya ku Kawale imapeza ndalama mu kwacha koma bilu imabwera m'madola, choncho kwacha ikachepa mphamvu bilu imakwera ngakhale mwini wake asaonjezere kalikonse.

Izi zachitikapo kawiri m'zaka zaposachedwa. Mu May 2022, Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1 180 kufika pa K1 700. Munthu yemwe ankalipira madola 20 pa mwezi adaona bilu yake ikuchoka pa K23 600 kufika pa K34 000, kusiyana kwa K10 400 mwezi uliwonse.

Pamwamba pa izi, banki imagwiritsa ntchito mtengo wake wogulitsira dola ndipo imaonjezerapo ndalama zake pa malipiro a kunja. Kusowa kwa ndalama zakunja komwe kwavuta m'dziko muno kumachititsanso kuti nthawi zina kadi ikane kulipira. Kampani ya cloud ikalephera kudula ndalama, imatumiza machenjezo, kenako imaimitsa akaunti, ndipo ngongole ikakhalitsa zinthu zosungidwa zingathe kufufutidwa. N'chifukwa chake mwini tsamba ayenera kulemba bilu yake m'ndalama zonse ziwiri, madola ndi kwacha, komanso kusunga kope la zinthu zake zofunika pa makina ena omwe ali m'manja mwake.

Zida zolondolera ndalama

Makampani onse akuluakulu amapereka zida zoonera momwe ndalama zikuyendera.

Choyamba ndi choyerekezera mtengo. AWS, Azure ndi Google Cloud onse ali ndi masamba omwe munthu amalembapo kukula kwa seva ndi ma GB omwe akufuna, n'kuona mtengo wa pa mwezi asanatsegule kalikonse. Uku ndiko kuyamba koyenera.

Chachiwiri ndi tsamba la bilu, lomwe limaonetsa ndalama zomwe zadyedwa kuyambira pa 1 mpaka lero komanso zomwe zikuyembekezeka pakutha pa mwezi. Ku AWS chida chake ndi Cost Explorer, ku Azure ndi Cost Management, pomwe ku Google Cloud ndi gawo la Billing. Zidazi zimagawa ndalama malinga ndi tsiku, ntchito komanso dera lomwe seva ili.

Chachitatu ndi bajeti yokhala ndi chenjezo. Munthu amalemba ndalama zomwe sakufuna kupitirira, mwachitsanzo madola 25, ndipo makina amatumiza imelo ndalama zikafika pa mlingo wina. Google Cloud imayamba ndi milingo itatu: 50, 90 ndi 100 peresenti. Apa pali mfundo ziwiri zosayenera kuiwalika. Yoyamba, chenjezo lokha silizimitsa seva. Limangodziwitsa, mita n'kumapitirira. Yachiwiri, manambala a pa bilu amachedwa kuoneka ndi maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu, choncho chenjezo likamafika ndalama zimakhala zapitirira kale pang'ono. N'kwanzeru kuika chenjezo loyamba pa theka la bajeti, ndipo lizipita ku imelo yomwe imatsegulidwa tsiku ndi tsiku, makamaka ya anthu awiri.

Chachinayi ndi zizindikiro. Seva iliyonse ingathe kupatsidwa dzina losonyeza mwini wake kapena ntchito yake. Wachinyamata wa ku Biwi yemwe amasunga masamba a makasitomala asanu pa akaunti imodzi sangadziwe yemwe wakweza bilu ngati sadaike zizindikirozi, ndipo mapeto ake amalipira za m'thumba mwake kapena kukangana ndi kasitomala wosalakwa.

Misampha yodziwika

Msampha woyamba ndi zaulere zokopa. Google Cloud imapatsa watsopano madola 300 oyeserera kwa masiku 90, ndipo Azure imapereka madola 200 kwa masiku 30. Izi n'zothandiza pophunzira, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu akasintha akaunti yake kukhala yolipira, chilichonse chomwe adatsegula poyeserera chimayamba kudya ndalama zenizeni mphatso ija ikatha. Tsiku lothera mphatso liyenera kulembedwa pa kalendala.

Msampha wachiwiri ndi kuganiza kuti kuzimitsa seva ndiko kutha kwa bilu. Seva ikazimitsidwa, ndalama za pa ola zimaima, koma malo ake osungira zinthu amalipiridwabe mpaka atafufutidwa. Ku Azure, kuzimitsa seva kuchokera m'kati mwake ngati mmene timazimitsira kompyuta ya pa desiki sikuimitsa n'komwe ndalama za pa ola. Iyenera kuimitsidwa kuchokera pa tsamba loyendetsera akaunti.

Msampha wachitatu ndi madera. Tsamba loyendetsera maseva a AWS limaonetsa dera limodzi pa nthawi. Munthu angathe kuyang'ana ku Cape Town n'kuona kuti kulibe kanthu, pomwe seva yomwe adayeserera miyezi itatu yapitayo ikuyakabe ku Ireland. Tsamba la bilu ndilo limaulula izi chifukwa limasonkhanitsa madera onse.

Msampha wachinayi, womwe ndi woopsa kuposa yonse, ndi akuba. Atambwali a pa intaneti amasakasaka mawu achinsinsi a maakaunti, makamaka omwe opanga mapulogalamu amawasiya mosazindikira pa masamba ngati GitHub. Akawapeza amatsegula maseva amphamvu ambirimbiri kuti akumbire ndalama za pa intaneti zonga Bitcoin, bilu n'kugwera mwini akaunti. Chitetezo chake ndi kutsegula akaunti ndi makiyi awiri, mawu achinsinsi komanso nambala yobwera pa foni, ndi kusalemba mawu achinsinsi m'kati mwa pulogalamu. Izi zikachitika, mwini akaunti asinthe makiyi onse nthawi yomweyo, azimitse maseva achilendowo m'madera onse, ndipo adziwitse kampani ya cloud komanso banki yake.

Ndondomeko ya pa mwezi

Kulondola ndalamazi sikufuna digiri. Kumafuna mwambo womwewo womwe mayi wa geni ya tomato pamsika wa Mgona amatsata polemba zomwe walowetsa ndi zomwe watulutsa.

Tsiku limodzi pa sabata, tsegulani tsamba la bilu n'kulemba m'kope ndalama zomwe zadyedwa. Gawani ndalamazo ndi masiku omwe apita kuti mupeze za pa tsiku. Ngati za pa tsiku zakwera popanda chifukwa chodziwika, fufuzani mzere womwe wakwera tsiku lomwelo.

Mwezi ukatha, yerekezani bilu ndi ya mwezi wapitawo, mzere ndi mzere, komanso ndi ndalama zomwe banki yadula mu kwacha. Mzere uliwonse womwe simukuudziwa ufunsidwe. Safunsa adadya phula.

Pakatha miyezi itatu iliyonse, sesani: fufutani maseva oyeserera, makope akale ndi manambala a IPv4 omwe sakugwira ntchito. Onaninso ngati seva siyaikulu kuposa ntchito yake, chifukwa ambiri amabwereka lole pomwe katundu wawo ndi wokwana pa kabaza.

Njira zochepetsera bilu

Seva yomwe imangogwira ntchito masana, monga yoyeserera mapulogalamu, siyenera kuyaka usiku. Maola 8 pa tsiku kwa masiku 22 ndi maola 176 okha, osakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a maola 730. Makina angathe kuuzidwa kuti aziyaka ndi kuzima okha pa nthawi yoikika.

Kwa omwe akudziwa kuti adzafuna seva kwa nthawi yaitali, makampani akuluakulu amachotsera mtengo munthu akalonjeza kugwiritsa ntchito kwa chaka chimodzi kapena zitatu. Koma lonjezoli ndi ngongole ya m'madola, ndipo liyenera kuganiziridwa bwino poona mmene kwacha imasinthira.

Kwa mabizinesi ang'onoang'ono ambiri, njira yabwino ndi ya mtengo wokhazikika. Amazon Lightsail ndi DigitalOcean amagulitsa maseva a mtengo umodzi pa mwezi, wophatikiza malo osungira zinthu ndi mlingo wina wa ma GB otuluka, ngakhale kuti opitirira mlingowo amalipiridwa padera. Makampani a m'dziko muno nawo amapereka mitengo ya pa mwezi kapena pa chaka mu kwacha, zomwe zimachotsa vuto la kadi ndi ndalama zakunja. Tsamba la golosale, saluni kapena mpingo lomwe limangoonetsa zithunzi, mitengo ndi nambala ya foni silifuna zambiri kuposa apa.

Zofunsa musanalembe munthu ntchito

Eni mabizinesi ambiri satsegula okha maakauntiwa. Amalemba katswiri kuti awakonzere. Musanagwirizane naye, funsani kuti akaunti idzakhala m'dzina la yani, chifukwa mwini imelo yotsegulira ndiye mwini zonse zosungidwamo. Funsani kuti kadi yolipirira ndi ya yani, kuti mtengo ndi wokhazikika kapena woyendera mita, komanso kuti bilu ikapitirira zomwe mudapangana adzalipira ndani. Pemphani kuti imelo yanu ikhale pakati pa zolandira machenjezo, ndipo zonsezi zilembedwe papepala.

Funsaninso dziko lomwe zinthu zanu zikasungidwe. Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo sukulu, chipatala kapena bungwe losunga mayina ndi manambala a anthu lili ndi udindo pa zinthuzo ngakhale zitakhala pa seva ya kunja.

Cloud yathandiza kuti munthu wa mpamba wochepa ayambe ntchito yomwe kale inkafuna mamiliyoni ogulira makina. Phindu limenelo limatsalira yemwe amadziwa mtengo wa ola limodzi la seva yake, yemwe adaika chenjezo la bajeti tsiku lomwe adatsegula akaunti, ndiponso yemwe amayang'ana tsamba la bilu sabata iliyonse monga momwe amayang'anira mita ya magetsi pakhomo pake.